Alamu Anga Okumba Maenje Omwe Sankalowamo

Kwathu kuno ku Calder, kuzambwe kwa Oklahoma, mukafunsa pa nyumba yakale iliyonse kuti dzenje lobisalamo kamvuluvulu anawakumbira ndani, akuuzani kuti ndi a Orval Tackett. Iwowa ndi alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu a Verna. Anayamba kukumba maenje, kuwaka simenti ndi kukhoma zitseko zake ndevu zisanamere, ndipo anasiya mawondo atayamba kuwakanika. Koma chimene chinkandizunguza mutu ine zaka zonsezi n'chakuti munthu ameneyu sanalowepo m'dzenje mphepo ikabwera, ngakhale dzenje la pakhomo pake lomwe.

Ine ndine Twila. Ndakhala ndikukonza tsitsi la amayi a m'tauni muno moyo wanga wonse, ndiye ena amati ndili ndi makutu aatali. Anene zimene akufuna. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti nkhani ya munthu ikandibisalira, chakudya sichikoma. Kanyumba kanga kali tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi a Tackett, ndipo poti kalibe dzenje, ndimabisala kwa iwo. Choncho alamu angawa ndawaonetsetsa bwino.

Anabadwira pa famu ya tirigu m'boma loyandikana nalo, sukulu anasiyira panjira, n'kuyamba kuthandiza mkulu wina wa simenti. Kwathu anabwera kudzakumba dzenje la malemu bambo athu, ine ndili kamtsikana. Ntchito imene ena ankaimaliza msanga, iwo anaikoka mpaka tirigu anacha, chifukwa masana alionse a Verna ankawabweretsera tiyi wozizira. Tsiku lina bambo anasuzumira n'kufunsa kuti, "Mnyamata iwe, ukukumba dzenje kapena chitsime?" Chaka chotsatira tinadya ukwati. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa ovolosi yake imodzimodzi ndi kamtengo kotokosera mano pakamwa. Mukawapatsa nyemba ndi chigumu, mwawamaliza.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Malichi, tirigu akabiriwira ndipo mphepo ikayamba kuchokera kumwera, achemwali ankasankha Loweruka lotsegula dzenje. Tsiku limenelo panalibe wodwala. Tinkatulutsa mabenchi n'kuwaanika padzuwa, kusesa akangaude, ndi kuthamangitsa njoka imene yagonamo nyengo yonse yachisanu. Madzi akale tinkataya n'kuthira atsopano, mabatire a tochi ndi a wailesi kusintha, mabotolo a mapichesi kuwaunika ngati sanaole. Aliyense ankasiyamo nsapato zake zakale, chifukwa munthu amathawira m'dzenje wosavala, koma potuluka amakapeza pabwalo pali misomali ndi magalasi okhaokha. Adzukulu atabadwa tinawonjezera zipewa zawo zolimba za panjinga.

A Orval nawo ankakhala kalikiliki. Ankathira mafuta m'mahinjesi, kuchotsa zisa za mavu mu paipi yolowetsa mpweya, ndi kudula nthambi iliyonse imene yayamba kuweramira kuchitseko. Pa nthambi pokhapa ankachita ngati openga, moti mtengo wathu wa mthunzi unatsala ngati tsache lakutha. Tsiku lina ndinangozindikira kuti ntchito zawo zonsezi ndi zakunja. Akafuna chinthu cha mkati ankaima pakhomo n'kuitana.

Sayirini ya m'tauni yochenjeza za kamvuluvulu ikalira, ankatiwerenga polowa ngati ana a ng'ombe, n'kutitsekera, iwo n'kutsala. Musadabwe kwambiri, amuna onse akuno ali ndi matenda amenewa. Amayi akamathamangitsa ana, iwo amaima pakhonde ndi kapu ya khofi m'manja n'kumaloza mitambo ngati aiweta ndi iwo. Koma ena onsewo chinthu chija chikatsitsa mchira wake amataya kapu n'kuliyatsa liwiro la kudzenje. A Orval okha ayi. Zikafika povuta ankakagona chafufumimba mu ngalande ya m'mbali mwa msewu, n'kubwera kudzatitsegulira ali matope okhaokha.

"Alamu," ndinkawaputa, "kodi simenti yanuyi mumaikayikira? Tiuzeni tidziwe, mwina mumatitsekera m'manda."

"Simenti ili bwino," ankayankha. "Chovuta ndi pakamwa panu, mlamu. Munthu angatsekeredwe nanu m'kachipinda n'kutuluka makutu ali amoyo?"

Achemwali ankangoti, "Asiye, Twila, ndi makani. Akwawo onse ndi otero."

Ine za makanizo sizinkandikwanira. Ndinapita kwa a Merle Doss, omwe anagwira nawo ntchito nthawi yaitali, ndinawapeza akupenta bwato lawo.

"Achimwene, tandiuzani. Munthu amawaka bwanji dzenje osalowamo?"

A Merle anaseka mpaka kutsokomola. "Ankalowa, bola pamwamba pakhale posatseka. Tsiku lothira denga iye pamwamba, ndipo kukachotsa matabwa mkati inali ntchito yanga. Amati mawondo."

"Mawondo ali mnyamata?"

"Inu a Twila, mukufuna mundiyambanitse ndi mnzanga. Kafunseni eni ake."

Chidutswa china ndinachitola kwa mayi Ozella Pruitt, gogo wina amene anakulira kufupi ndi famu ya a Tackett. Ndikuwapiringa tsitsi, ananditchulira kuti kalekale mtengo waukulu unagwera pa chitseko cha dzenje la banjalo, mayi ndi ana ali mkati. Nditafunsa kuti anatuluka bwanji, anati zimenezo sakukumbuka, n'kuyamba kudandaula kuti ndawaotcha khutu. Nkhaniyo ndinaisunga. Nditawafunsa achemwali anati akuidziwa, koma palibe chachilendo, anthu ambiri akale zinawachitikira.

Zinthu zikanapitirira choncho, koma nyengo yachisanu ya chaka chatha achemwali anagwa m'khitchini ndi sitiroko. Anachira, koma dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwasankha. Anabwera kuchokera kuchipatala ali pa chikuku. Ndinalira kwambiri masiku amenewo, chifukwa a Verna ndi amene anandilera mayi athu atamwalira. A Orval anaphunzira kuphika, kuwasambitsa ndi kuwapesa, ngakhale kapesedwe kake ndinkachita kubwereza.

Kuchiyambi kwa Malichi kunabwera Glenda, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene amakhala ku Tulsa. Anaima pakhomo pa dzenje, n'kuyang'ana masitepe otsika aja, opapatiza ndi ogwa ngati makwerero, kenako n'kuyang'ana chikuku cha mayi ake.

"Ababa, sayirini ikalira mawa, amayi atsika bwanji apa?"

"Tiona," anatero a Orval.

"Tiona liti? Kwanga kuli chipinda chachitsulo mugalaja, chikuku chimangolowa osatsika. Ngati pofika pakati pa Epulo palibe njira, amayi ndidzawatenga akakhale kwanga. Sindikufuna kukangana nanu, koma sindingagone tulo."

Mwanayo sankanama, ndipo tonse tinkadziwa kuti achemwali akapita ku Tulsa sadzabweranso. Tinkadziwanso kuti a Orval sangakhale m'tauni yaikulu, angafote ngati mbewu yozulidwa. Anthu awiriwa anali asanasiyanepo chikwatiranireni.

Ndiye kuyesa kunayamba. Poyamba a Orval ndi a Merle ananyamula chikuku, wina kutsogolo wina kumbuyo, nkhalamba ziwiri zopuma ngati mvukuto. Asanafike pakati a Merle msana unagwira, ndipo zikanakhala zina. Kenako alamu anayala matabwa pamasitepe, n'kumangirira chingwe ku kagalimoto kawo ka pikiapu kuti azitsitsa chikukucho pang'onopang'ono. Achemwali anayang'ana chingwecho, n'kuyang'ana amuna awo.

"Bambo a Glenda," anatero mawu akukokeka, "ndine thumba la chakudya cha ng'ombe ine?"

Matabwa aja anachotsedwa tsiku lomwelo. M'mawa wake ndinadzuka ndi phokoso la thirakitala yokumbira imene anabwereka kwa mnansi. Munthu amene amati mawondo atha anakumba njira yaitali yotsetsereka kuchokera pafupi ndi khonde la kukhitchini mpaka kukhoma la m'mbali la dzenje. Anawaka zipupa za simenti uku ndi uku, anaboola khoma, n'kukhoma chitseko chachitsulo chachikulu choti chikuku chidutse. Ndinawaona akubwerera unyamata, akuimba likhweru, akukalipira a Merle kuti matope alimba. Kuboola khomalo anaboolera kunja, ndipo zinyalala za mkati ndinawola ndine.

Glenda atabweranso anakankha mayi ake kutsika ndi kukwera kangapo, anagwedeza chitseko, n'kukumbatira bambo ake. Masana amenewo tinakhala patebulo ndi nkhuku yokazinga, aliyense mtima uli m'malo. Achemwali anadikira mpaka titamaliza kudya.

"Ine m'dzenjemo sindilowa," anatero.

Tonse tinangoti kukamwa yasa.

"Amayi, mwayamba chiyani tsopano?" anafunsa Glenda.

A Verna sanamuyang'ane mwanayo, maso anali pa amuna awo. Analankhula mwapang'onopang'ono, ndipo palibe anawathandiza mawu. "Kale mukatitsekera, ndinkakwera masitepe. Ndinkakankha chitseko pang'ono, n'kukuonani mwaima. Ndikakuonani mtima unkakhala pansi. Pano ndikwera ndi chiyani? Ndizikhala pansipo osadziwa ngati ndine wamasiye?"

"Mayi a Glenda..."

"Ndisanamalize. Mukalowa, ndikhala pano. Mukatsala kunja, ndipita ku Tulsa. Sankhani."

A Orval anachotsa kamtengo kaja pakamwa. "Nanga tonse tikalowa, adzatifukula ndani?"

Glenda anati ozimitsa moto akudziwa pomwe pali dzenje lililonse ndipo amayendera mphepo ikadutsa. Ine ndinati a Merle ali pafupi. Alamu anangoimirira, n'kutenga chipewa chawo, n'kutuluka. Glenda anati abweranso kumapeto kwa Meyi kudzamva chimene agwirizana, ndipo anachoka nkhope itagwa.

Ine sindinapirire. Ndinawatsatira kushedi kwawo, ndinawapeza akupukuta sipanala imene inali yoyera kale.

"Alamu, za mtengo uja ndinazimva. Tandiuzani zonse, lero sindikusekani."

Anapitiriza kupukuta sipanala ija mpaka ndinaganiza kuti andithamangitsa. Kenako anafotokoza. Anali kamwana koyamba kumene sukulu. Mayi awo anawalowetsa m'dzenje ndi alongo awo, bambo awo anachedwa kukatsegulira ng'ombe. Mphepo itadutsa chitseko chinakana, mtengo unali utagona pamwamba pake, ndipo nyali inazima. Madzi a mvula anayamba kulowa. Anakhala momwemo mpaka mawa lake, madzi akukwera, mpaka anamva nkhwangwa ikugogoda pamwamba. Anali bambo awo, omwe anapulumukira mu ngalande mkono utathyoka, akudula mtengowo ndi dzanja limodzi.

"Ndiye mwaona, mlamu," anatero, "pabanja payenera kukhala wina wotsala kunja. Akanalowa nawo bambo, bwenzi mulibe alamu owavutitsa."

"Ndamva. Koma pochotsa matabwa dzuwa likuswa mtengo, a Merle ali panja, munkaopa kuti akufukulani ndani?"

Anandiyang'ana diso loipa. "Mwati simundiseka."

"Sindikuseka, ndikufunsa."

Kenako anakoka jeke wamkulu wa galimoto pansi pa tebulo, ndi chitsulo chotukulira, n'kundipatsa. "Katsitseni izi m'dzenje, muziike pafupi ndi chitseko. Chikadzakana, ndi zimenezi."

Ndinanyamula, koma mumtima ndinadziwa kuti jeke ameneyu si wa ine kapena wa achemwali. Ndani wa ife akanampopa?

Masiku otsatira ndinkamwera khofi pazenera langa, ndipo zimene ndinkaona sindinauze munthu. M'mawa uliwonse, achemwali asanadzuke, a Orval ankatsika njira yatsopano ija mpaka pachitseko. Ankachitsegula, n'kuima. Tsiku lina ankalowetsa phazi limodzi, tsiku lina mutu wokha. Kamodzi analowa thupi lonse, dzanja litagwira mphuthu, ndipo asanakhalitse anatuluka mofulumira n'kukaweramira pampanda ngati akufuna kusanza. Kenako anawongoka, anakonza chipewa, n'kupita kukaphika phala. Ndinamva chisoni, ndipo kuyambira pamenepo nthabwala za dzenje zinandithera.

Tsiku lake linafika mu Meyi, chakumasana. Kunacha kotentha monyowa, malaya akumata pathupi, mbalame zili zii. Wa pa wailesi ankatchula maboma a kumwera kwathu limodzi ndi limodzi, akuyandikira. Kumadzulo kunada bii, ndipo m'munsi mwa mitambo munabiriwira ngati madzi a m'chithaphwi. Foni yanga italira ndi uthenga wochenjeza ndinali nditawoloka kale msewu, ndipo sayirini inandipeza pakhonde pawo.

A Orval anali atawaveka kale achemwali jekete ndi nsapato. Anakankha chikuku kutsika njira ija, matalala oyamba akugwa, ine ndikutsogola ndi tochi. Analowetsa chikuku, anamanga mabuleki, n'kubwerera pakhomo. Pamenepo anaima, nkhope ili kunja, dzanja lili pachitseko.

Achemwali sanacheuke. Ine mawu anali atadzaza m'kamwa, koma tsiku limenelo ndinawameza. Mphepo inkakupiza ovolosi ya alamu, zinyalala zikuuluka kudutsa pamwamba pa njirayo. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono, anakoka chitseko chija ali mkati, n'kutsitsa mipiringidzo yake. Anapapasa benchi n'kukhala pafupi ndi chikuku.

Poyamba ndinkaganiza kuti phokoso limene ndikumva ndi la mphepo mu paipi ya mpweya. Nditaunika ndi tochi ndinapeza kuti ndi kupuma kwa alamu. Anali njenjenje thupi lonse, thukuta lili chuchuchu, maso atatseka, manja atakanirira m'mphepete mwa benchi. Munthu wamkulu uja, amene ndinamuona akunyamula matumba a simenti awiriawiri, mano ankagundana. Ndinachotsa kuwala pankhope pawo msanga, koma achemwali anali ataona kale.

"Twila, unikanso."

"Achemwali, asiyeni."

"Ndati unika."

Anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Zaka zonsezi ankati ndi makani, ankawakalipira, nthawi zina ankakhala osawalankhula mpaka mawa lake. Misozi inayamba kutsika mbali imodzi ya nkhope.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Bwanji osandiuza? Twila, atsegulire. Bambo a Glenda, tulukani mukapume. Ku Tulsa sindipita, ndalonjeza. Tulukani."

Ndinaimirira n'kugwira mpiringidzo, osadziwa ngati ndikuchita bwino, chifukwa kunja matalala ankamenya chitseko ngati anthu akuchigenda.

"Siyani, mlamu," anatero a Orval, mawu akutuluka movuta. "Ndikatuluka pano sindidzalowanso."

Achemwali anatambasula dzanja lawo labwino, anagwira lamba wa ovolosi, n'kuwakokera pafupi. Alamu anatsamira chipumi pa chikuku, ndipo dzanja lija linakhala pakhosi pawo. Tinakhala choncho. Chimkokomo chinakula mpaka makutu anatseka, fumbi linagwa kuchokera mu paipi, mabotolo a mapichesi akugundana pa alumali. Ine ndinkapemphera mosokonekera, kubwereza mawu amodzimodzi. Pambuyo pake chinayamba kuchepa, n'kutsala mvula yokha.

Wa pa wailesi atanena kuti kamvuluvulu wadutsa kumpoto kwa tauni, m'minda ya tirigu, ndinatsegula chitseko ndipo chinatseguka bwinobwino. Ndinkayembekeza kuti alamu andigunda potuluka, koma sanadzuke msanga. Anapukuta nkhope ndi chipewa, anamasula mabuleki a chikuku, n'kutembenuza akazi awo kuti ayang'ane kunja.

"Mayi a Glenda," anatero, "kunja chinthuchi umachiona, umadziwa komwe chikupita. Muno ndi makutu okha. Zaka zonsezi munkamva zimenezi?"

"Zalerozi n'zochepa," anayankha achemwali. "Lero ndimadziwa komwe muli."